Adagwira kamera ndani? Kufunafuna Kasinje m'zithunzi zakale

Chithunzi chakale chimene anthu a ku Kasinje amachiona kawirikawiri sichili pakhoma la nyumba ya munthu, sichilinso m'alubamu. Chili pa K50. Ndalamayi masiku ano siigula kanthu kooneka, ambiri amangoikwinya n'kuiponya pansi pa thumba, koma nkhope ili pamenepoyo ndi ya Inkosi ya Makhosi Philip Gomani II, mfumu ya Angoni a kwa Maseko, imene mu 1953 idakanitsitsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mpaka atsamunda kuichotsa pampando. Idamwalira chaka chotsatira. Pa K500 ndi pa K2,000 pali John Chilembwe. Awiriwa timawadziwa nkhope chifukwa tsiku lina adakhala pamaso pa kamera, ndipo padapezeka munthu wosunga pepalalo mpaka lidafika m'manja mwa a Reserve Bank.

Tsono yesani kufunsa pamsika wa Kasinje kuti ndani angakuonetseni nkhope ya mbale wake yemwe adali kale ndi ndevu m'masiku a chitaganya. Funsani chithunzi cha sitima ya malasha ikufuka utsi m'chigwa cha Bwanje, kapena cha basi yoyamba kudutsa kuno, kapena cha amuna atavala zikopa ndi nthenga, zishango m'manja, akuvina ngoma fumbi lili koboo. Nkhani mudzamva zambiri, zina zokoma kwabasi, koma pepala loti muligwire m'manja mudzalipeza mwa apo ndi apo.

Chodabwitsa n'chakuti mwana wa sukulu yemwe ali ndi foni ndi kabandulo ka intaneti atha kukhala pamthunzi wa mango ku Kasinje konkuno n'kuona mmene misewu ya ku Chicago inkaonekera mu 1941: magalimoto akuda a mphuno zazitali, abambo a zipewa, ana ali pamzere pakhomo la nyumba yoonetsera kanema. Zithunzi zakale za ku America zili mbwee pa Facebook, za masitima, za ngolo zokokedwa ndi akavalo, za oimba jazi, za mabanja akudya panja Lamulungu masana. Mwanayu akudziwa mmene dziko la eni linalili zaka zoposa 80 zapitazo, koma msewu wa kwawo wokwera ku Kandeu sadziwa kuti unali wotani pamene agogo ake ankayenda wapansi kukapereka msonkho.

Wina atha kunena kuti a ku America ndi olemera, nkhani n'kuthera pomwepo. Chuma chilipo ndithu pankhaniyi, koma sichokhacho. Mu 1900 kampani ya Kodak, ya George Eastman, idatulutsa kamera yotchedwa Brownie, kabokosi ka katoni kogula dola imodzi. Kujambula kudachoka m'manja mwa akatswiri n'kulowa m'nyumba za anthu wamba. Mlimi akagula galimoto yake yoyamba, Ford Model T ija idapangidwa yoposa 15 miliyoni pakati pa 1908 ndi 1927, mkazi wake ankamujambula ataitsamira. Kenako boma nalo lidalowererapo. Kuyambira 1935 mpaka 1944, m'zaka za umphawi wadzaoneni umene udagwa chuma chitasokonekera mu 1929 ndiponso za nkhondo yachiwiri, lidalemba ntchito akatswiri ojambula, motsogozedwa ndi Roy Stryker, kuti azungulire dziko lonse. Ena mwa iwo adali Dorothea Lange, Walker Evans, Gordon Parks, ndi Jack Delano yemwe ankakwera masitima a katundu kujambula anthu apanjanji ali pantchito. Manegetivu pafupifupi 175,000 a ntchito imeneyi ali ku Library of Congress ku Washington, ambiri ndi kapepala konena malo, mwezi ndi chaka. Boma lidalipira wojambula, wolemba kapepalako ndi wosunga. Zimene mwana wa ku Kasinje akuona pafoni lero ndi zipatso za ndalama imeneyo.

Komabe ngakhale kumeneko mphawi ankataya dzina. Chithunzi chotchuka kuposa zonse pa ntchitoyi ndi cha mayi wa nkhope yankhawa, dzanja pachibwano, ana awiri atabisa nkhope pamapewa ake. Lange adachijambula mu 1936 ku Nipomo, m'chigawo cha California, koma dzina la mayiyo sadalembe. Lidadziwika mu 1978, mtolankhani wina atamupeza: Florence Owens Thompson. Zaka 42 nkhope ikuzungulira dziko, mwini wake osadziwika, osalandirapo ndi khobidi lomwe. Ngati zidatero m'dziko la makamera, kuli bwanji kuno?

Onyamula alibe mayina

Kamera idafika kuno msanga kuposa mmene ambiri amaganizira. John Kirk, dokotala wa paulendo wa David Livingstone umene udayamba mu 1858, adajambula zithunzi m'mbali mwa Zambezi ndi Shire. Mapiri a Kirk Range, amene amatambalala kumadzulo kwa boma la Ntcheu, amatchedwa dzina la munthu yemweyu. Pambuyo pake kudabwera amishoni: ku Gowa, ku Dombole, ku Nzama komwe ansembe a chipani cha Montfort adafika mu 1901, ndi ku Mua komwe a White Fathers adamanga mu 1902. Ambiri adali ndi makamera, ndipo zithunzi zawo zinali ndi ntchito yake, yokakopa opereka ndalama kwawo ku Ulaya. N'chifukwa chake zadzaza ndi matchalitchi a njerwa, ana a sukulu ali pamzere, odwala pakhomo la chipatala. Asilikali ndi azungu a m'maesiteti nawo ankakonda kujambulitsa phazi lili pamutu pa njovu.

Pa za maulendo, chithunzi chimene chimabwerabwera ndi cha machila. Mzungu wagona m'nsalu yolimba yomangidwa ku mtengo wautali, chipewa chija cha atsamunda chili pachifuwa. Amuna asenza mtengowo pamapewa, kutsogolo ndi kumbuyo, ena aima pambali kudikira kusinthana. Kumbuyo kuli mzere wa onyamula katundu: mabokosi a chakudya, hema, mpando wopinda, bafa la malata. Pansi pa chithunzi alemba dzina la bwanayo, malo, mwina ndi chaka. Enawo, ngakhale akhale khumi ndi awiri, amangotchedwa onyamula. Koma ukachiyang'anitsitsa, nkhani yeniyeni ili pa iwowo: mapazi opanda nsapato, kansalu kopindapinda koika paphewa kuti mtengo usadye mnofu, ndi maso. Ena ayang'ana pansi. Wina mmodzi, ndipo amapezeka pafupifupi pa chithunzi chilichonse, wayang'ana kamera mwa tcheru, osamwetulira. Machila atayamba kuchepa kudabwera galeta, kampando ka tayala limodzi, wina kukoka wina kukankha. Injini idali yomweyo, munthu.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amuna pafupifupi 200,000 a mu Nyasaland adagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza chakudya ndi zida kupita kumene asilikali ankamenyana ndi Ajeremani. A ku Ntcheu adalimo ambiri, ndipo ochuluka adafera m'njira ndi njala ndi matenda. Zithunzi zawo zilipo, mizere yaitali ya anthu katundu ali pamutu. Ndi agogo a anthu, koma palibe angaloze n'kunena kuti uyu ndi wa kwa akuti.

Padapezeka munthu wakuda mmodzi yemwe adaima kuseri kwa kamera nthawi imeneyo. Mungo Murray Chisuse adali katswiri wa makina osindikiza ku Blantyre Mission, adakafikako ku Scotland, ndipo adayamba kujambula anthu akwawo. Katswiri wa mbiri John McCracken adalemba za iye mu Society of Malawi Journal mu 2008. Mmodzi mwa amene ankajambulitsa kwa Chisuse adali Chilembwe, ndipo apa mpamene America imalowa m'nkhani yathu mwachindunji. Chilembwe adapita kumeneko ndi Joseph Booth mu 1897, adaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, n'kubwerako mu 1900 ndi thandizo la mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention. Adabwerako akudziwa mphamvu ya chithunzi. Adajambulitsa iye ndi mkazi wake Ida, ana a sukulu, akhristu a mpingo wake wa ku Mbombwe, onse atavala mwaulemu, masuti ndi madiresi aatali, zithunzizo n'kumazitumiza kwa omuthandiza ku America. Sadalole kuoneka ngati wonyamula. Mu 1914 adajambulitsa ataima ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu, nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chithunzi chimenechi ndicho Samson Kambalu adatengerapo chiboliboli chake chotchedwa Antelope, chimene chidaikidwa ku Trafalgar Square mumzinda wa London mu 2022. Tchalitchi cha Chilembwe cha ku Mbombwe asilikali adachiphulitsa mu 1915 kuukira kwake kutalephera, ndipo pogwetsapo adajambulanso. Njerwa zidagwa, mapepala adatsala.

Njanji ya m'chigwa

Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, idafika ku Blantyre mu 1908 n'kuima pomwepo zaka zoposa 20. Mu 1935, chaka chimene adatsegula mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, njanji ya kumpoto nayo idafika ku Salima kudzera ku Balaka, Bilila, Sharpevale, Kasinje, Golomoti ndi Chipoka. Sitima siikonda chitunda, choncho oyeza njira adasankha chigwa. Tauni ya Ntcheu, kumtunda kozizira kuja, idatsala yopanda njanji, mwayi n'kugwera anthu a kuchigwa kotentha, kwa udzudzu ndi thonje.

Kampani ya Nyasaland Railways inkajambula ntchito yake, koma inkajambula zimene idawonongerapo ndalama: injini zatsopano, milatho yachitsulo, mainjiniya achizungu ataima m'makabudula. Anthu amene adakumba ndi makasu, kusenza dothi m'madengu ndi kuyala zitsulo padzuwa la m'chigwa amaoneka chapatali, timadontho takuda m'mbali mwa mlatho. Chikhalirecho njanjiyi adailipira ndi iwo omwewo. Ngongole za njanji, makamaka za Trans-Zambezia Railway yopita ku Beira, zidagwera boma la Nyasaland, ndipo boma linkadalira kwambiri msonkho wa nyumba. Katswiri wa mbiri Leroy Vail adalemba mu 1975 kuti ngongole zimenezi ndi zina mwa zimene zidasaukitsa dzikoli, chifukwa ndalama zoti zimange sukulu ndi misewu zinkapita kwa obwereketsa. Pa chithunzi cha injini yonyezimira zimenezi sizioneka.

Zimene akuluakulu a m'chigwa amakumbukira za sitima ndi zina ndithu. Amakumba za mabogi a mipando yathabwa, momwe anthu akuda ankadzazana ndi nkhuku, mitolo ndi ana. Amakumba za tizidutswa ta moto tochokera ku injini tolowa pazenera n'kuboola malaya, za amayi othamanga m'mbali mwa sitima ndi malichero a nthochi ndi mitolo ya nzimbe, za fungo la nsomba zouma zochokera ku Chipoka, za kulira kwa sitima kumene kunkauza anthu a kumunda kuti dzuwa lafika pati. Ku Chipoka munthu ankatsika n'kukwera ya pamadzi, ndipo kuyambira 1951 idali Ilala, imene ili ndi zithunzi zosawerengeka chifukwa alendo okaona nyanja amaikonda. Bogi ya anthu wamba idalibe woikonda chotero.

Injini za malasha zidalowedwa m'malo ndi za dizilo dziko litalandira ufulu, ndipo wofuna kuziona lero apite ku Chichiri, pabwalo la nyumba yosungira zinthu zakale. Mu 1999 njanji idapita m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Mu 2003 madzi osefukira adakokolola mlatho wa Rivirivi, njira ya kumpoto n'kuduka mpaka 2005. Sitima ya anthu yopita ku Salima idaleka kale, ndipo ana ambiri a ku Kasinje njanji amaidziwa ngati njira yachidule yopitira kusukulu.

Chithunzi chochokera ku Joni

Zithunzi zoyamba zimene anthu wamba a ku Ntcheu adajambulitsa mwa kufuna kwawo sizidajambulidwe ku Ntcheu. Zidachokera ku Joni, ku Halale, ku Wankie, ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia. A Wenela ankatenga amuna kupita nawo ku migodi ya golide, a Mthandizi kumafamu a ku Southern Rhodesia, ena ankapita okha wapansi. Akalandira malipiro angapo, Loweruka lina ankalowa m'situdiyo.

Chithunzi chotere mukachipeza m'sutikesi ya agogo, chitengereni poyera. Ndi chaching'ono, chokwana m'dzanja, m'mbali mwake modulidwa mano mano. Mnyamata waima pa kapeti ya mabokosimabokosi akuda ndi oyera. Kumbuyo kwake kuli nsalu yopentedwa nyumba zosanja kapena masitepe opita kumwamba. Wavala jekete lomukulira pang'ono, mkono wakumanzere waukweza dala kuti wotchi ionekere, dzanja lina lagwira lamya imene chingwe chake sichikupita kulikonse. Jekete, wotchi ndi lamya nthawi zambiri zidali za mwini situdiyo. Mnyamatayu ankagona pa bedi la simenti m'komponi, ankatsikira kumdima m'bandakucha, koma za izo pepalali silinena kanthu. Kuseri kuli zilembo za inki yofota, moni kwa amayi kapena kwa mkazi, mwina ndi dzina la mgodi.

Wina anganene kuti ili ndi bodza. Kwa ine ndi chithunzi choona kuposa cha machila, chifukwa apa munthu adalipira yekha n'kusankha mmene afuna kuonekera kwa anthu akwawo. Ndipo zina mwa zimene ankaonetsa ankabwera nazodi: njinga ya Humber kapena Raleigh, makina osokera a Singer, galamafoni yopukusa ndi dzanja, wayilesi. Kwa mabanja ena kapepalaka ndi kokhako kadabwerera, mwini wake adasanduka mtchona. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuimitsa kulemba anthu a kumigodi. Kudayambanso mu 1977, a Theba ndiwo akulemba, mpaka 1988.

Zachisangalalo ndiye zidasowa wojambula kuposa zonse, pa chifukwa chosavuta kumva: zambiri zinkachitika usiku. Filimu yakale inkafuna dzuwa, kutinso wojambulidwa aime chilili. Chitelera cha pamwezi, mowa wa masese galamafoni ikulira, dansi ya banjo yopanga ndi chigubu cha mafuta, zonsezi kamera siikadazitha. Kanema wa pabwalo naye chimodzimodzi. Kuyambira 1948 mpaka 1963 bungwe la Central African Film Unit, la ku Salisbury, linkapanga mafilimu oonetsa anthu akuda a m'maiko atatu a chitaganya chija, ndipo galimoto ya boma inkazungulira nawo m'madera. Ankakunga nsalu yoyera, jenereta n'kuyamba kugunda, munthu wa chimkuzamawu n'kumamasulira. Ankayamba ndi za ulimi wa mizere ndi kusunga ndalama ku positi, koma chimene anthu ankadikira, m'midzi ngakhale m'makomponi a kumigodi, ndi makaboyi a ku America, akavalo ndi zibakera. Choncho zachisangalalo zakale za ku America zija zidali zathunso. Tidaziona, tidaziombera m'manja, koma ife oonerafe palibe adatijambula.

Ndi mmenenso zidalili ndi wayilesi. Mu 1949 kudabwera kawayilesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, ndipo anthu ankamverapo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, momwe Alick Nkhata ankaimba ndi kulankhula m'Chinyanja. MBC itabwera mu 1964, mawu a Jim Reeves adazolowereka m'nyumba zambiri ngati a mbale. Wayilesi yakanema idachedwa mpaka 1999. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka timatha kuwaona akuimba ali anyamata chifukwa Gerhard Kubik wa ku Austria adawajambula filimu mu 1967. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma pa nkhani ya zithunzi mlendoyo ankabwerera nako kwawo, pamodzi ndi zimene wameta.

Alendo a ku America enieni adayamba kufika ambiri mu 1963, achinyamata a Peace Corps, aphunzitsi ndi azaumoyo. Mmodzi wa iwo, Jack Allison, adakhala kwa Nsiyaludzu m'boma lomwe lino la Ntcheu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo nyimbo yake ya Ufa wa Mtedza, yolangiza amayi za phala la ana, idamveka kwambiri pa MBC. Achinyamatawa ankakhala m'midzi, ankakwera mabasi ndi malole amodzimodzi ndi anthu, ndipo ambiri adali ndi makamera a filimu ya mitundu. Ankajambula zimene ife tinkaziona zachabe: msika, chigayo, basi itatitimira m'matope, ana akusewera mpira wachikulunga. Wofuna kuona Ntcheu wa 1968 m'mitundu yake, mwayi wake waukulu uli m'makatoni a m'nyumba za nkhalamba za ku Ohio ndi Oregon, zimene ana awo sadziwa n'komwe kuti Bilila ndi chiyani.

Filimu yapsa

Nthawi ya Kamuzu zithunzi zidachuluka, koma za munthu mmodzi. Nkhope yake inkayenera kukhala m'sitolo ndi muofesi iliyonse, popanda china chopachikidwa pamwamba pake. Ojambula a boma ankatsata iye ndi litchowa lake, mbumba ikuvina. Malamulo a nthawiyo adalowa mpaka m'zithunzi za m'mabanja: lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa amayi mathalauzi ndi masiketi aafupi mpaka 1993, kotero chithunzi cha mtsikana wa siketi yolekeza pamwamba pa mawondo chimadzinenera chokha kuti ndi cha kale kuposa 1973 kapena cha pambuyo pa 1993. Zina zidasowa chifukwa cha mantha. Albert Muwalo, mwana wa ku Ntcheu konkuno yemwe adali mlembi wamkulu wa chipani cha Kamuzu, adamangidwa mu 1976 n'kunyongedwa mu 1977. Aliyense yemwe adajambulitsapo naye limodzi, kapena ndi nduna zimene zidathawa mu 1964, adali ndi chifukwa choopera kapepalako.

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 kudabwera wojambula wa panjinga, kamera ili pakhosi. Ankapezeka pa Khirisimasi, paukwati, pa tsiku lotsanzikana a Fomu 4. Unkalipira theka, n'kudikira kuti filimu ya zithunzi 36 ithe, aipititse ku Blantyre kapena ku Lilongwe kokatsukitsa. Pakapita masabata ankabwera ndi envulopu, kapena ndi mawu awiri amene aliyense wa msinkhu umenewo amawakumbukira, akuti filimu yapsa. Ndalama ya theka ija inkapsera limodzi. Popeza chithunzi chinali chodula, munthu ankajambulitsa nkhope yake ndi zovala zake zatsopano, atanyamula wayilesi ya kaseti kapena atatsamira galimoto ya eni. Palibe ankataya ndalama kujambulitsa basi. N'chifukwa chake mabasi a UTM, amene adachokera ku Nyasaland Transport Company n'kudzasanduka Stagecoach mu 1989, kenako Shire Bus Lines, amene adanyamula mtundu wonse kwa zaka makumimakumi, njinga ndi matumba a mbatata zili padenga, zithunzi zake zabwino zambiri adajambula ndi alendo okonda mabasi.

Zomwe zidasungika zili kutali ndi eni ake. A Society of Malawi, bungwe lomwe lidayamba mu 1946, ali ndi zithunzi zambiri m'chipinda cham'mwamba cha Mandala House ku Blantyre, nyumba ya mu 1882. Ku Zomba kuli National Archives. Zina zili ku Edinburgh, ku Oxford, ku Rome kwa ansembe. Pafupi ndi Kasinje ndi ku Mua, pamsewu womwewu wa M5, komwe bambo Claude Boucher adayambitsa KuNgoni mu 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare muli zithunzi za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Koma mlimi wa thonje sangalipire minibasi yopita ku Blantyre kukangoona zithunzi, ndipo ngakhale atapita sangadziwe poyambira, popeza kalozera wake adalembedwa ndi mayina a azungu ndi a mishoni, osati a midzi ndi mafuko.

Za m'nyumba nazo zikutha. Chiswe chimadya alubamu yonse m'dzinja limodzi. Denga likadontha, zithunzi zimamatirana, ukamatula nkhope n'kutsalira pa chinzake. Zamitundu za m'ma 1990 zikusanduka zofiirira, pamene zakuda ndi zoyera za m'ma 1950 zikadali bwino. Ena pofuna kuteteza amakazimata pulasitiki ya moto, imene imaononga pepala ndipo siichokanso. Pamaliro, pogawana katundu, sutikesi imapita kwa wina, zam'kati n'kuperekedwa kwa ana kuti aziseweretsa. Osunga zakale amalangiza zinthu zotchipa: envulopu ya pepala, malo ouma, ndi pensulo yolembera kuseri dzina, mudzi ndi chaka, osati bolopeni imene imadinda mpaka kumaso.

Tisanamizane kuti foni yathetsa vutoli. Mu 2017 boma lidajambula anthu oposa 9 miliyoni polembetsa ziphaso za unzika, koma izo ndi nkhope chabe, kumbuyo kuli nsalu. Za pafoni zimapita foni ikabedwa, ikagwera m'madzi, kapena wokonza akaifufuta. Kodak yeniyeniyo idagwa mu 2012, ndipo masitudiyo otsuka filimu adatseka. Pakadali pano kabaza wa njinga yakapalasa, wa kakhushoni ka mphonje kumbuyo ndi mawu olembedwa pa madigadi, akuchepa pamasiteji ambiri pamene njinga zamoto zikuchuluka. Anthu akujambulana okhaokha tsiku ndi tsiku, koma kabazayo akumusiya kunja kwa chithunzi monga momwe adasiyira basi ya UTM.

Ntchito yofulumira kuposa zonse ndi ya mayina, ndipo siifuna ndalama zambiri. Chaka ndi chaka Angoni a kwa Maseko amasonkhana pa Umhlangano kwa Nkolimbo, komwe kuli manda a Gomani Chikuse, yemwe atsamunda adamupha mu 1896. Kumabwera mafumu ndi nkhalamba za m'madera onse a Ntcheu, ena kuchokera kutsidya la Mozambique. Osunga zithunzi a ku Mandala ndi ku Zomba atasindikiza makope a za ku Ntcheu ndi za njanji ya m'chigwa n'kukaziyala patebulo kumeneko, wina ali pambali ndi kope lolembera, nkhope zina zikhoza kupeza eni ake, milatho ndi masiteshoni ena n'kudziwika malo. Mabanja nawo akhoza kubweretsa za m'masutikesi kuti zijambulidwenso, zenizenizo n'kubwerera nazo kwawo. Odziwa kuloza akadalipo, koma mnyamata yemwe adakwera ndege ya Wenela mu 1973 ali ndi zaka 20, lero wadutsa zaka 70.